Manda Amene a Vivensiyo Analipira

Abale, anansi anga a ku doko, ndi inu a bungwe la osula ndalama amene mwaima kumbuyoko ngati mwangodutsa:

Ndisanayambe mbiri, ndinene chimene taimira pamsewu. Mukuona nokha kuti chithatha tachitula kunja kwa mpanda, ndipo chipata cha manda a bungwe n'chokhoma. M'kati mwa mpandamo muli malo a malemu, pambali pa bambo awo. Malowo anawalipira mwezi ndi mwezi kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, osadumphitsa. Kiyi wa chipatacho ali pa lamba wa a Konkodiyo, mkulu wa bungwe, awo aima pansi pa mtengo wa painiwo. Mpaka pano malowo sanatipatse.

Ine ndine Sekundina, wogulitsa nsomba zamchere ndi mafuta ku doko, mayi wawo wa malemu. Mbiri amayenera kuwerenga ndi mwamuna wa pabanja, koma amuna a pabanja pathu mmodzi ali m'kati mwa mpandawu, wina ndi uyu wagona apayu. Ndiye mupirire nane. Kulemba ndinaphunzira nditakula kale, ndipo kuwerenga kwanga n'kopunthwa.

Malemu a Vivensiyo anabadwa pa 6 Malichi muno mu Arelate, chaka chimene mtsinje wa Rodano unasefukira n'kudula mlatho wa mabwato. Mzamba anatsekeredwa kutsidya, choncho anandithandiza ndi mkazi wa wophika buledi wa pansi pathu, manja ali ufa wokhawokha. Bambo awo anali malemu a Ursiko, womenya nyundo ku nyumba yosulira ndalama. Akuluakulu mukuwakumbukira: munthu wakhosi lalikulu, mphuno yopindikira kumanzere chifukwa chopanira chinapulumuka m'manja mwa mnzawo n'kuwamenya kumaso. Mphuno imeneyo musaiiwale, tibwererako. Ana ndinabereka asanu. Anakula ndi iwo okha.

Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mu Okutobala, ndinawapititsa kwa mphunzitsi wa pakhonde la msika. Mphunzitsiyo ankafuna makobidi, ine ndinkalipira nsomba, ndipo mwezi uliwonse tinkakangana za kukula kwa nsombazo. Anaphunzira zaka zitatu. Dandaulo la mphunzitsi linali limodzi: mwanayo salemba zimene wauzidwa, amangojambula nkhope za anzake pa thabwa la phula. Ndinawakwapula chifukwa cha zimenezo. Lero ndikanakonda ndikanasunga ngakhale thabwa limodzi.

Pa 1 Juni, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, analowa ntchito. Lamulo mukulidziwa: mwana wa wosula ndalama ndi wosula ndalama, safunsidwa ndipo sachoka. Anayamba ndi kusefa fumbi la pansi kuti kanyenyeswa ka golide kasatayike, ndipo poweruka ankawavula n'kuwafufuza mpaka m'tsitsi ndi m'kamwa, monga amachitira nonsenu. Tsiku lomwelo analowa limodzi ndi mnzawo, mwana wamasiye wa pakhomo loyandikana nafe, amene ankadya m'mbale imodzi ndi iwo kwathu. A Konkodiyo, musayang'ane pansi. Nsabwe zanu ndinkachotsa ndine.

Pa 20 Novembala, malemu ali ndi zaka khumi ndi zitatu, bambo awo anagwa pantchito nyundo ili m'manja, osadzukanso. Mwanayo anakhala pambali pa mtembo tsiku lathunthu, osalira, osadya, maso ali pankhope. Nditawakalipira kuti adyeko kanthu anati, "Mayi, dikirani, ndikuiloweza."

Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anawakweza kukhala wogoba zidindo. Inu a ku doko mumangoiona ndalama itatha, ndiye ndikuuzeni mwachidule. Chidindo ndi chitsulo chimene amagobapo nkhope ya Kaisara motembenuza. Golide amamuika pakati pa zidindo ziwiri, nyundo n'kugwa kamodzi, basi solidu, ndalama yagolide ija, yabadwa. Paundi imodzi ya golide imatulutsa masolidu 72, osachepera, osapitirira. Pansi pa ndalama iliyonse amaikapo chilembo cha chipinda chimene yasulidwira, kuti ikapezeka yopepuka adziwe woti amugwire. Kaisara mwiniwake wogoba samuona. Kumabwera thabwa lojambulidwa nkhope yake, litakulungidwa m'nsalu, ndipo wogoba amatengera pamenepo. Malemu anagoba a Kaisara anayi. Ankati onsewo amabwera ndi maso ofanana, kusiyana kumakhala pachibwano.

Pa 24 Juni, ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, anakwatira a Eutropiya, mwana wa woyendetsa bwato wa kutsidya. Ndinalimbana ndi bambo a mtsikanayo masiku anayi pa katundu wobwera ndi mkwatibwi, n'kupambana bedi, miphika iwiri yamkuwa ndi mbuzi. Mbuziyo inafa mwezi usanathe. Apongozi angawa ndi amene anakhalitsa, ndipo ndinene pagulu kuti pa malonda onse amene ndinachitapo, ndinapindula kwambiri pamenepa. Mulungu anawapatsa ana atatu: Benigna, Sekundina wamng'ono, ndi Ursiko amene anangokhala nafe miyezi isanu ndi itatu.

Tsopano ndafika pa chaka chimene simufuna kuchimva. Pa 3 Epulo, malemu ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, asilikali a kumpoto anakweza mkulu wawo pa chishango, n'kumuveka chovala chachifumu, ati ndiye Kaisara. Dzina lake sinditchula. Analifufuta pamiyala yonse, ndipo ine lilime langa ndikulifunabe. Msilikali sakhulupirira Kaisara amene ndalama ya nkhope yake sanaigwire m'manja, aliyense amadikira masolidu ake asanu. Ndiye kapitawo wa asilikali anafika ku nyumba yosulira ndalama ndi madengu a mphete, ndolo ndi zikho zolanda m'nyumba za olemera, n'kupereka masiku atatu. Thabwa la nkhope panalibe. Malemu anafunsa kuti, "Bwana, nanga munthuyo amaoneka bwanji?" Kapitawoyo anati, "Amaoneka ngati Kaisara, iwe. Goba." Lupanga linali patebulo.

Anagoba. Ndalamazo zinasulidwa m'chipinda chachitatu, cha amuna makumi anayi, ndipo woyang'anira chipindacho anali a Konkodiyo. Pansi pa ndalama iliyonse panali T, chilembo cha chipindacho.

Pa 10 Epulo msilikali wina anabwera pamalo anga ogulitsira. Ankafuna kuphwanyitsa solidu, koma osintha ndalama onse anali atapinda matebulo awo chifukwa cha mantha. Ndinaiika pa sikelo monga ndimachitira. Kulemera kunali kokwana. Nditaitembenuza kuti ndione ngati sanaipale m'mphepete, ndinakumana ndi mwamuna wanga. Khosi lija, chibwano chija, mphuno yopindikira kumanzere. A Ursiko, amene moyo wawo wonse anali ndi nsapato zimodzimodzi, atavala ngale kumutu ngati mwini dziko. Panali patatha zaka makumi awiri ndisanaione nkhope imeneyo, ndipo kunena zoona inali itayamba kundithawa. Msilikali uja anati, "Mayi, mukuilirira chiyani, ndi yabodza?" Ndinamupatsa mitsuko iwiri ya mafuta, mbiya yonse ya nsomba ndi thumba langa la makobidi amkuwa, osawerenga. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine dzira lomwe sindigula ndisanatsitse mtengo. Tsiku limenelo sindinatsitse. Ndiye pasapezeke wonena kuti ndalamayo inabedwa kuntchito. Ndinaigula, ndipo ndinaigula modula.

Malemu ataweruka ndinawaonetsa, n'kuwafunsa kuti mwachita chiyani inu. Anati, "Mayi, nkhope ina ndinalibe."

Kaisara uja analamulira masiku 47. Pa 20 Meyi mutu wake unawoloka mlatho uli pa mkondo. Kenako linabwera lamulo lakuti ndalama zake zonse zibwezedwe kuti zisungunulidwe, ndipo wopezeka nayo ali pamlandu. Tinamvanso kuti wofufuza milandu wanyamuka ku Italiya kudzafunsa amene anathandiza woukirayo. Palibe amene anagwira ntchito yosonkhanitsa ndalamazo mwachangu kuposa a Konkodiyo. Zidindo anaziphwanya, ng'anjo sinazime, ndipo pamene wofufuzayo ankafika mu Ogasiti, mumzinda muno munalibe ndalama yoti amuonetse. Mwina zina zili pansi kunkhalango kumene asilikali anafera. Yanga inali mu mtsuko wa mchere, pansi penipeni.

Wofufuzayo asanafike, a Konkodiyo anabwera kwathu masana, n'kukhala pa mpando wanga. Mawu awo ndinawamva ndi makutu anga awa. Anati, "Achimwene, chipinda chachitatu tilimo anthu makumi anayi, aliyense ndi ana ake. Inu munene kuti asilikali anakutengani nokha, munagoba nokha, ndipo anasula okha kumisasa kwawo. Inu sangakuchiteni kanthu, manja anuwo amawafuna. Banja lanu likhala lathu. Zikazizira dzina lanu tidzalisamala, ndipo malo anu kumanda palibe adzawakhudze." Ine ndinati mwana wanga, musavomere popanda cholembedwa ndi mboni. Malemu anaseka, ati, "Mayi, si nsomba izi." Anavomera.

Pa 9 Ogasiti anawakwapula pabwalo la kuntchito, nonse mukuonerera. Manja amene ankati amawafunawo anawathyola zala ziwiri za kumanja. Dzina lawo linapalidwa pa mwala wa mayina a bungwe. A Konkodiyo analumbira atagwira buku loyera kuti chipinda chachitatu chinali chokhoma masiku onse 47, ndipo chaka chotsatira anakwezedwa kukhala mkulu. Malemu, poti wosula ndalama sachoka, anawatsitsira ku ng'anjo yoyengera golide, kuja kuli utsi wa mchere ndi mtovu, kumene amatumiza akapolo amene atopa nawo.

Kumeneko anagwira zaka zisanu ndi zitatu ndi theka. Chaka choyamba bungwe linatitumizira dengu la tirigu. Chaka chachiwiri, theka la dengu. Kuyambira chaka chachitatu, moni. Ine ndinkatukwana tsiku lililonse, koma malemu sindinawamvepo akudandaula. Tikamachoka kutchalitchi ankandigwira pamkono n'kumati, "Mayi, taonani mwana wa uje watalika, akanakhala wamasiye ameneyu." Ana anuwo, inu a chipinda chachitatu, ankawadziwa mayina onse. Ena mwa anawo aima pano ndi ndevu.

Chifuwa chinayamba mu Okutobala chaka chadzana. Kenako nkhama zinada, manja n'kuyamba kunjenjemera, m'mimba n'kumapota. Sing'anga anati uchi ndi mkaka wa mbuzi, ndipo achoke pautsi. Uchi ndi mkaka tinagula. Zochoka pautsi ndinakapempha kwa mkulu wa bungwe katatu, ndipo katatu konse anandiuza kuti lamulo silinapangidwe ndi iwo. Pa 12 Disembala malemu anagwa pafupi ndi ng'anjo akusanza magazi, anzawo awiri n'kuwanyamula pa chitseko kubwera nawo kunyumba. Kuchokera pamenepo sanadzukenso. Apongozi angawa anawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa ndi kansalu masabata asanu ndi anayi, osatopa nawo ngakhale tsiku limodzi.

Kutatsala masiku awiri anandiitana, ati, "Mayi, tandibwerekani bambo." Ndinavundukula mtsuko wa mchere uja. Anaigwira ndi dzanja lamanzere, n'kuiyandikiza pawindo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti anena za Mulungu kapena za ana. Anati, "Khutu ndinalakwitsa." Anatisiya pa 17 Febuluwale m'mawa, mphepo yakumpoto ikugwedeza zitseko, atatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka makumi anayi ndi ziwiri.

Dzulo ndinapita kwa a Konkodiyo kukapempha kiyi. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando wa khushoni, n'kundiuza kuti n'zosatheka. Akuti woyendera wa boma amawerenga miyala ya kumanda chaka chilichonse, ndipo akaona dzina lopalidwa lagona pakati pa a bungwe, nkhani yakale idzauka. Ndiye ndinawauza za mtsuko wa mchere, ndi za chilembo chili pansi pa ndalamayo. Nkhope yawo inasanduka ngati phulusa. Anati andipatsa masolidu atatu abwino ndi manda ongovundikira ndi mapale kunja kuno m'mphepete mwa msewu, ine ndiwapatse imodziyo. Ndisanayankhe anati asanu. Ndikuimirira anati khumi. Zaka makumi anayi ndili pamsika, ndipo ndimadziwa kuti wogula akamakweza yekha mtengo chonchi, katunduyo ndi wamkulu kuposa thumba lake. Ndinati ndikayankha kumaliro.

Yankho langa ndi ili. Ndalamayo siili mu mchere. M'mawa uno, tisanamange chibwano, ndinaiika m'kamwa mwa malemu, monga ankachitira makolo athu kuti wakufa akhale ndi cholipira powoloka. A dikoni anandiuza kuti ndi mwambo wachikunja. Ndinawapempha kuti ayang'ane kukhoma, ndipo anayang'ana, Mulungu awadalitse. Amene akuifuna abwere amasule nsaluyo, atsegule pakamwa pa mwana wanga, ana ake akuona. Ndapatuka, njira ndi iyi.

Palibe? Ndiye tipitirize. A Konkodiyo, ganizani nane monga anthu amalonda. Tikawaika kunja kuno, pansi pa mapale, anthu onsewa amva kuti m'mandamo muli golide. Sabata silitha akuba asanafukule. Wakuba adzapita nayo kwa wosintha ndalama, wosintha ndalama adzaopa n'kuthamangira kwa woyendera wa boma, ndipo woyenderayo adzaitembenuza n'kuwerenga T, chilembo cha chipinda chimene munalumbira kuti chinali chokhoma. Koma akagona m'kati mwa mpanda, chipata n'chachitsulo, kiyi ali pa lamba wanu, ndipo ndikudziwa kuti manda amenewo mudzawalondera kuposa nyumba yanu mpaka tsiku limene mudzalowemo nokha. Ndikutsitsiraninso mtengo: dzina pamwala musalembe. Woyendera wanu asapeze chowerenga. Ife tikudziwa pamene bambo awo agona, sitidzasochera.

Inu a chipinda chachitatu, ndikuona mmene mukundiyang'anira. Ndikudziwa kuti malemu akanandiletsa. Anapereka zala ndi mapapo kuti inu mugone m'nyumba zanu, ndipo ine sindikufuna kuti zimenezo zipite pachabe. Koma iwo ali chete tsopano, wolankhula ndine, ndipo mwana wanga sagona pamsewu ngati munthu wopanda kwawo. Ngati muli ndi mawu, lankhulani ndi mkulu wanu. Pamene mukukambirana, ine ndimalize zimene ndinalemba.

Malemu asiya mkazi wawo a Eutropiya. Asiya ana awiri, Benigna amene ali pabanja ndipo ndi woyembekezera, ndi Sekundina wamng'ono amene adakali pakhomo. Asiya alamu awo awiri oyendetsa mabwato, amene anawoloka dzulo mphepo ili chonchi. Asiyanso ine, amene ndimayenera kutsogola.

M'malo mwa banja ndikuthokoza a dikoni a Hilariyo chifukwa cha mapemphero ndi mafuta odzoza. Ndikuthokoza banja la wophika buledi, limene linatikongoza buledi miyezi iwiri kenako n'kunena kuti layiwala. Ine sindinaiwale, ndibweza. Ndikuthokoza amayi anzanga a ku doko amene anandigulitsira nsomba masiku amene ndinali pambali pa bedi, ngakhale munagulitsa motchipa. Ndikuthokoza amuna awiri a ku ng'anjo amene ananyamula malemu pa chitseko, ndipo ndi omwewo anyamula chithatha lero. Mayina awo sinditchula kuti asavutike nawo kuntchito. Ndikuthokozanso okumba manda, amene aima ndi makasu awo kuyambira m'mawa osadziwa koti akumbe.

Izi zotsatirazi sindinalembe. Ndaona amuna a chipinda chachitatu asuntha, aima mozungulira chithatha. Ndamvanso kiyi akulira. Musathamange, a Konkodiyo, mungapunthwe pamizu ya painiyo. Tadikira zaka zisanu ndi zitatu, masitepe khumi sativuta. Tsegulani zitseko zonse ziwiri, chithatha n'chachikulu. Okumba, kumanzere kwa khoma lakum'mawa, pambali pa mwala wolembedwa Ursiko.

Ngongole yanu yatha, a Konkodiyo. Dengu la tirigu musatumize, ndipo dzina lanu silidzatulukanso pakamwa panga, kaya pabwino kaya poipa.

Mwina mukuganiza kuti ndapambana. Ndinali ndi mwana mmodzi ndi nkhope imodzi ya mwamuna wanga, ndipo zonse ziwiri zikulowa m'dzenje limodzi lero. Ndikabwerera kunyumba mu mtsuko muja muli mchere wokha. M'mawa uno, ndisanaiike m'kamwa mwawo, ndinapita nayo pawindo pomwe paja n'kuiyang'anitsitsa. Khutu silinalakwike, mwana wanga. Linali lomwelo.

A Vivensiyo, nyamukani, chipata chatseguka. Mukagone pambali pa bambo anu, kopanda utsi, kopanda wokufufuzani m'kamwa. Ambuye Yesu akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere kufikira ndidzakupezeni.